Chikwangwani cha kwa Che Jabir

Joni, 2 Epulo 2023

Wokondedwa mlongo wanga Sheila,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amayi, alamu ndi mwana. Kuno tilipo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikangoti ndiyambe za ababa mawu amandithawa, ndiye timangotha mayunitsi tikumverana kupuma. Kalatayi ndapatsira Luqman, thiransipota uja wa ku Machinjiri, pamodzi ndi mabulangete ndi nsapato za amayi.

Zoti sindinabwere usandiweruze nazo. Mapepala anga ukuwadziwa mmene alili. Ndikangotuluka pa boda, kulowanso kuno ndi maloto.

Tsono tamvera. Napolo uja anatsika ku Manje n'kutenga nyumba yathu, ndipo mpaka lero ababa sanapezeke. Zimenezo ndavomera. Chimene sindivomera n'chakuti munthu ngati a Januario Zuze angozimirira ngati mbuzi yopita ndi madzi. Mwana wamwamuna ndine ndekha ndipo anthu akuyang'ana ine. Kuno kuli mmisiri wina wosema ziliza za mwala wakuda wonyezimira. Nkhope ya malemu amaijambula pamwalapo ndi makina, moti ukaima pafupi umachita ngati akukupenya. Ndikufuna chiliza chotero, Blantyre yense aone kuti ababa anabereka. Unditumizire chithunzi chawo chabwino, atavala jekete, osati ovolosi ya penti ija.

Za manda ndalankhula ndi abambo aang'ono a Howard. Akuti njira ya makolo ilipo ya munthu wosapezeka. Muwamvere.

Ndine mchimwene wako,
Evance


Zingwangwa, 25 Epulo 2023

Achimwene,

Landirani moni wa kuno. Tili bwino monga mmene anthu a mu Blantyre akukhalira bwino chaka chino, kutanthauza kuti tikupuma. Mabulangete afika. Nsapato zawathina amayi, koma akuti ndikuthokozeni.

Njira ya makolo ya a Howard taimva. Anabwera Lamulungu atavala suti ya pa ukwati wanga ija, nakhala pa mpando wa alamu anu. Anafotokoza kuti munthu akapita ndi madzi osapezeka, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi, n'kukaika kumanda ndi nyimbo zonse. Mabanja ena a ku Manje ndi ku Chilobwe achita kale zimenezi. Ine sindikuwanyoza. Ndawaona ndi maso anga akuchokera kumanda mapewa atapepuka.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenaka anati, "Alamu, ine paguwa paja ndinalumbira ndi munthu. Sindinakwatiwe ndi nthochi." A Howard anamaliza tiyi wawo n'kutsanzika.

Musawatenge ngati ouma mutu chabe. Kumbukirani kuti anapulumuka chifukwa anali kuno kudzandithandiza mwana atadwala. Ababa ndi amene anawauza kuti pitani, ine nditsale ndimalize chikwangwani cha butchala ya ku Chilomoni. Anawasiya pakhonde akusakaniza penti m'chitini. M'mutu mwa amayi akadali pakhondepo. Ngakhale tsitsi akana kumeta, akuti maliro osaika sametedwa.

Za chithunzi, palibe. Alubamu inapita ndi nyumba, ndipo pamene panali nyumbayo pano pakhala mwala waukulu kuposa minibasi. Chiphaso chinali m'thumba mwawo. Mu foni yanga muli chimodzi chokha, ali pa makwerero ku Ndirande, atatilozetsa nkhongo. Paja kamera ankaithawa, ati ilibe ulemu, imajambula ndi ziphuphu zomwe. Ngati mmisiri wanuyo amasemanso nkhongo, ndiuzeni nditumize.

Ine mlongo wanu,
Sheila


Joni, 30 Seputembala 2023

Sheila,

Moni nonse. Kalata yanga ya mu Juni sunayankhe. Pa foni ukungonditumizira zithunzi za mwana, ndikafunsa za ababa netiweki imathawa.

Mwala ndinaitanitsa kale. Dzina lasemedwa, pamwamba asiya malo obulungira oti paikidwe nkhope. Popita ku ntchito ndimadutsa pa shopu ya mmisiriyo, ndipo mwalawo umakhala pa windo kundiyang'ana wopanda maso. Munthu anatha moyo wake wonse akujambula makoma a eni ake, angalephere kusiya chithunzi chimodzi? Funsa kwa achibale ku Nsanje.

Koma chandilembetsa lero si chimenecho. A Howard andiimbira. Akuti Loweruka lililonse amayi akumasamba, kudzola, kuvala chitenje chawo cha pa Khirisimasi, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Akatsika akumayenda wapansi mpaka ku Mbayani, kukakhala pa benchi pa babashopu ya Msilamu wina dzina lake Che Jabir, amene mkazi wake anamwalira. Akuti akumachokako dzuwa litapendeka, nkhope ili yowala. Akhristu anzawo a ku limana kwawo ayamba kale kunong'ona.

Chaka sichinathe, Sheila. Kodi nthochi ija anaikanira zimenezi? Iwe ukugona nawo nyumba imodzi ndipo maso uli nawo. Kapena nawenso uli momwemo?

Undiyankhe pa ulendo womwewu wa Luqman.

Evance


Zingwangwa, 15 Okotobala 2023

Mwana wanga Evance,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Sheila amandiwerengera kalata yako akudumpha mizere ina, ndiye ndinamulanda n'kuwerenga ndekha. Sitandade sikisi yanga ikadalipo.

Ku Mbayani ndimapitadi. Kusamba ndimasambadi, kudzola ndimadzoladi. Ndimapita kukaona mwamuna, ndipo ndi mwamuna wooneka bwino kuposa iwe ndi abambo ako aang'ono kukuphatikizani pamodzi. A Howard uwauze kuti ngati mayunitsi awachulukira aziimbira mkazi wawo amene anamusiya ku Nsanje.

Nsapato zija zinamasuka. Ndi zimene ndimavala popita kumeneko.

Usamangodya zokazinga. Uzipita ku Misa.

Ndine mayi ako,
Gertrude, mkazi wa a Januario Zuze


Zingwangwa, 29 Okotobala 2023

Achimwene,

Moni. Kalata ya amayi mwailandira, ndipo ndikudziwa kuti simunagone nayo tulo. Zikuyenerani. Koma kunena zoona nanenso sindinkadziwa kumene amapita. Ndinkangoona kuti akabwerako akudya bwino, ndiye sindinafune kufunsa mankhwala dzina lake. Dzulo ndinawauza kuti ndipita nawo. Anangoti ndivale zooneka.

Babashopuyo ili kumunsi kwa mzikiti, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Che Jabir ndi bambo wamkulu, wamfupi, wa ndevu zoyera ndi kofia, ndipo mawondo akuwavuta moti nkhani ya a Howard ija akanaimva akanathokoza. Atationa anatulutsa benchi, naliika tsidya la ngalande moyang'anana ndi khomo. Anati, "Mwafika, mayi?" Amayi anati, "Ndafika." Nkhani yawo inathera pomwepo. Iwo anabwerera kukameta, amayi anakhala pansi n'kukweza maso.

Pamwamba pa khomo pali chikwangwani cha lata, chachikasu, cholembedwa kuti KWA JABIR TIMAMETA MWAULEMU. M'munsi mwa mawuwo muli mitu isanu yoonetsa masitayilo: panki, tebulo kati, wa mzere pambali, wa ndevu, ndi wa mpala. Achimwene, mitu yonseyo ndi ababa. Mphuno ija. Mpata wa pamano uja. Chikope chakumanzere chogwa pang'ono chija, chimene chinkawaonetsa ngati akukayikira mtengo wa chinthu. Wa panki ndi mnyamata amene ife sitinamuone, wa mpala ndi mdala amene anatsala pakhonde. Pakona yakumanja pakhomedwa kachidutswa ka lata ngati chigamba, kwina konse pentiyo ikadali bwino.

Makasitomala atachepa, Che Jabir anandiuza kuti zimenezi aliyense wa bizinesi ankazidziwa. Ukawatuma a Zuze kuti akujambulire munthu, umalandira a Zuze. Wa butchala atagwira mpeni, a Zuze. Telala ali ndi tepi m'khosi, a Zuze. Ukadandaula ankayankha kuti angakabwereke bwanji nkhope ya mwiniwake iwo ali nayo yawo yaulere. Ndipo akazi onse a pa zikwangwani za masaluni, kaya amanga mesh kaya aluka, anali amayi.

Ife ana awo ndi amene sitinkadziwa. Ine ndinkaona ngati zojambula zonse zimafanana basi. Inu zifukwa zanu mukuzidziwa, paja mukakhala ndi anzanu a ku sekondale munkawolokera tsidya lina la msewu mukaona makwerero.

Amayi ankadziwa. Kuyambira mu Meyi akhala akuyenda okha, Ndirande, Bangwe, Chilomoni, kufunafuna mwamuna wawo m'makoma. Malo ambiri anapeza atafufuta n'kupachika mabana opulinta aja okhala ndi oimba a ku Amereka. Kwa Che Jabir nakonso mwana wawo Ahmadi anali atabwera kale ndi bana yake, bambo ake n'kumuuza kuti akayale pa bedi.

Tsono amayi amakhala pa benchipo n'kumawauza ababa nkhani. Dzulo anawauza kuti shuga wakweranso, mwana wamera mano, ndiponso kuti mwana wawo wa ku Joni akuwaganizira zachibwenzi.

Ndakutumizirani pa foni mutu wa mpalawo. Chithunzi chimene munkafuna ndi chimenecho, china kulibe.

Sheila


Joni, 10 Disembala 2023

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse, ndipo amayi uwauze kuti ndapepesa. A Howard ndawalankhula.

Chithunzi ndachiona. Ndi iwodi, sindikana. Ndinapita nacho kwa mmisiri uja, iye akuti makina ake amafuna chithunzi cha kamera, chojambula pamanja chimatuluka ngati katuni. Ngakhale akanavomera, ine sindikanalola. Chiliza cha mtengo wake chotere sichingakhale ndi mutu wa pa babashopu.

Koma ndaganiza njira yoti aliyense akhutire. Amayi anakana nthochi chifukwa si munthu. Chabwino. Chikwangwanicho ndi nkhope ya ababa, chinatuluka m'manja mwawo. Tichigule kwa Che Jabir, tiwapulintire bana yabwino m'malo mwake, ndipo lata tilipinde tiliike m'bokosi. Tikaike kumanda mwaulemu, abambo mfumu adalitse, amayi amete, chiliza chikhale ndi poima. A Howard agwirizana nazo, akuti zikuposa nthochi.

Ganiza bwino, Sheila. Ababa sangakhale pamsewu mpaka kalekale, fumbi ndi mvula zikuwamenya, akuitanira anthu kudzameta ndevu. Munthu amafunika manda. Mwana wako akadzafunsa kuti agogo ali kuti, udzamulozera ngalande ya ku Mbayani?

Zonsezi zitheke chaka chisanakwane mu Malichi.

Mchimwene wako,
Evance


Zingwangwa, 18 Malichi 2024

Achimwene,

Moni. Ndachedwa kuyankha dala. Ndinafuna zichitike kaye, chifukwa mukanadziwa mukanaimba.

Maganizo anu a Howard anapita nawo okha kwa Che Jabir mu Januwale, ine ndi amayi tili pa benchi. Che Jabir anazimitsa makina, kasitomala ali ndi theka la mutu, namvetsera. Atatha anati, "Kwathu ku Chisilamu munthu timamuika tsiku lomwelo, sitichedwa naye. Koma sitiika munthu amene akugwira ntchito. A Zuze akundiitanira makasitomala mpaka lero." Anawonjeza kuti komabe mwini nkhope ndi mayiwa, akati chitsike, chitsika lero lomwe ndipo salandira kanthu.

Tonse tinayang'ana amayi. Iwo anati, "Matope anamukwirira kamodzi. Kachiwiri ndi manja anga, ayi."

Ndiye bokosi kulibe. M'malo mwake amayi anapereka Misa ya Loweruka lapitali, nati ikatha tipite ku Mbayani tikamete. Ife tinkayembekeza anthu a ku limana ndi achibale ochepa. Sitinadziwe kuti Che Jabir akhala akuuza mutu uliwonse umene wadutsa pa mpando wawo, ndipo mukudziwa kuti nkhani ya mu babashopu imayenda kuposa ya pa wailesi.

Titafika tinapeza msewu wadzaza. Wa butchala wa ku Chilomoni uja anabwera ndi chikwangwani chake chakale, chimene ababa ankati alembe china m'malo mwake, ndipo pachikwangwanipo ababa ali ndi mpeni m'manja, mbuzi ikuwamwetulira. Telala wa ku Ndirande anabwera ndi chake pa kabaza. Mayi wina wa saluni ku Bangwe anazula chitseko chonse n'kuchikweza pa minibasi, ndipo pachitsekopo pali amayi ali mtsikana, ataluka tsitsi, akuyang'ana cham'mbali ngati sakufuna. Amayi atachiona anati khosi analitalikitsa. Onse anatsamiritsa zikwangwani zawo pa mpanda wa wowotcherera uja, mzere kutsika mpaka pa zitumbuwa. Anthu odutsa ankaima n'kumaloza, uyu ndi yemweyu, uyunso ndi yemweyu.

Chithunzi cha jekete munkachifuna chija chapezeka. Anabwera nacho wokhoma mabokosi wa ku Kameza. Ababa agona m'bokosi la mtengo wapatali, jekete yakuda, tayi wofiira, manja pachifuwa, diso limodzi lili lotsegula pang'ono kuyang'ana amene akulowa. Amayi a ku limana anali atayamba nyimbo ya maliro, koma inathera m'mphuno.

Poti ife tili mu Lenti ndipo anzathu ali mu Ramazani, panalibe chophika mpaka dzuwa kulowa. A Howard, amene anabwera ndi mimba yokonzeka, anadandaula kuti mwambo wotere sanauonepo. Anali oyamba kukhala pa mpando. Che Jabir anawameta iwo ndi alamu anu. Amayi ndinawameta ine, panja, pansi pa chikwangwani, ndi makina a Che Jabir. Sanalire. Anakhala tsonga ngati akujambulidwa.

Tsopano gwirani mtima. Mukukumbuka chigamba cha lata chimene ndinakuuzani, cha pakona? Titatha kumeta, Che Jabir anafotokoza kuti si chigamba. Mwezi umene inu munakwera basi ya ku Joni, ababa anabwera ndi zitini zawo osaitanidwa, najambula mutu wachisanu ndi chimodzi. Atamaliza anaukhomera kachidutswa ka latako okha, nati mwini mutuwu sakonda kuonekera pa ntchito zanga, adzavundukula yekha akadzabwera kudzameta. Che Jabir anasunga mawuwo. Anafunsa amayi ngati tidikirebe. Amayi anati pa chiliza pamayenera kuvundukulidwa kanthu, ndipo mwiniwakeyo mapepala ake tikuwadziwa. Ahmadi anakwera pa mpando ndi pulayala.

M'zikwangwani zonse zimene zinali pa mpanda paja, amuna onse ndi munthu mmodzi. Wa pansi pa chigambayu yekha ndi wina. Ndaika chithunzi cha chikwangwani chonse mu envulopu muno, chochapitsa ku situdiyo, kuti musati foni yanama. Penti yake ikuwala kuposa ya mitu inayo chifukwa dzuwa silinaione.

Mwana wanga akadzafunsa za agogo ake ndidzamulozera ku Mbayani, inde. Ndidzamuuzanso kuti aone amalume ake ali pambali pawo.

Za mwala wanu, muone nokha chochita.

Ine mlongo wanu,
Sheila


Joni, 7 Epulo 2024

Sheila,

Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa mwana, ndi kwa Che Jabir.

Chithunzi ndalandira. Makutu anawonjeza, anga si aakulu choncho. Ndachiika pa khoma pamwamba pa bedi, ndipo anzanga a kuno akabwera ndikumawauza kuti anajambula ndi bambo anga, wolemba zikwangwani wa ku Blantyre.

Mwala ukubwera ndi Luqman ulendo uno. Mukauike ku Manje, pafupi ndi chimwala chija chinakhala pa nyumba yathu. Malo a nkhope ndawasiya opanda kanthu. Mmisiri anafunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndinati inde, koma awonjeze mawu m'munsi mwa dzina. Ndinamulembera papepala chilembo chimodzichimodzi kuti asalakwitse:

JANUARIO ZUZE
WOLEMBA ZIKWANGWANI
OFUNA NKHOPE YAKE APITE KU MBAYANI KWA CHE JABIR

Nonse mwameta, ndatsala ine. Kuno mababashopu ali pakona iliyonse, koma sindilowamo. Uwauze Che Jabir kuti tsitsi ndalisunga, ndipo sitayilo ndi yomwe ili pa chikwangwaniyo.

Ndine mchimwene wako,
Evance Januario Zuze